Ma node akakana kulumikizana mu Inkscape

Vutoli limadza m'maonekedwe angapo. Mwajambula logo, pa sikirini ikuoneka yathunthu, mizere yonse yakumana bwinobwino. Mukaitumiza ku makina odula vinyl, pulasitiki yomata yopangira masitika, mpeni ukudula pang'ono n'kunyamuka, n'kukayambira kwina, ndipo posenda sitikayo ngodya zina zikukanirira chifukwa sizinaduke mpaka kumapeto. Kapena mwathira mtundu mkati mwa chojambula, mtunduwo n'kudutsa mopingasa pamalo pamene simunajambulepo mzere uliwonse. Kapenanso mwasankha ma node awiri, timfundo timene mzere umayambira, kukhotera kapena kuthera, mwadina Shift+J mobwerezabwereza kuti alumikizane, koma palibe chikusintha.

Gwero la zonsezi ndi limodzi. Diso lanu limaona chithunzi, pomwe pulogalamu ndi makina odulira zimatsata path. Mizere iwiri ikhoza kugundana ndendende pa sikirini koma n'kukhalabe zinthu ziwiri zosadziwana. Ndilongosola pogwiritsa ntchito pulogalamu yojambulira ya Inkscape, poti ndi yaulere ndipo aliyense angathe kuyesa pomwepo zimene akuwerenga. Za mapulogalamu ena ojambulira, CorelDRAW ndi Illustrator, ndizikhudza cha kumapeto, chifukwa pali msampha wina umene umagwira anthu osamuka pulogalamu.

Zimene muli nazo m'manja

Path ndi mndandanda wa malangizo opita kwa cholembera: yambira apa, pita apo, khota chonchi, ima. Mu fayilo ya SVG, mtundu wa fayilo umene Inkscape imasungiramo zojambula, malangizowa amalembedwa ndi zilembo. M akutanthauza kunyamula cholembera n'kukachiika pamalo atsopano, L ndi mzere wowongoka, C ndi mzere wokhota, ndipo Z akuuza cholembera kuti chibwerere pamene chinayambira n'kutseka. Mungazione nokha: sankhani chojambula chanu, dinani Shift+Ctrl+X kuti XML Editor itseguke, ndiye yang'anani mzere wolembedwa d. Zilembozo zikhoza kukhala zazikulu kapena zazing'ono, zilibe kanthu. M aliyense amene mukumuona ndi chidutswa chatsopano, ndiko kuti malo ena pamene mpeni udzanyamuke. Chidutswa chimene chilibe Z kumapeto kwake ndi chotseguka.

Path yotseguka ili ngati chingwe. Ili ndi nsonga ziwiri zokha, ndipo nsongazo ndi zimene zimamangika kuti zingwe ziwiri zikhale chimodzi chachitali. Node ya pakati ili kale ndi mzere wolowa ndi mzere wotuluka, ilibe malo a wachitatu. Path yotsekeka, monga bwalo, ilibe nsonga n'komwe. Mukaigwira mfundo imeneyi, theka la mavuto ali m'munsimu mudzalizindikira musanadine batani lililonse.

Chimene chimasokonezanso n'chakuti pali zinthu zinayi zosiyana zimene tonse timangoti kulumikiza. Group, ya Ctrl+G, imangosonkhanitsa zinthu kuti ziziyendera limodzi, koma sikhudza node ngakhale imodzi. Combine, ya Ctrl+K, imaika ma path angapo m'chinthu chimodzi, komabe chidutswa chilichonse chimasunga M wake ndi nsonga zake. Union, ya Ctrl ndi chizindikiro cha +, imasungunula malo odzaza mtundu n'kujambula malire atsopano akunja. Join yokha, imene ili mu chida cha ma node, ndiyo imamanga nsonga ndi nsonga. Anthu ambiri amachita Group kapena Combine, n'kuona bokosi limodzi lazungulira zonse, n'kuyesa kuti ntchito yatha.

Yambani mwaona kaye

Musanakonze chilichonse, pitani ku View, Display Mode, Outline. Mitundu yonse ndi kunenepa kwa mizere kumachoka, n'kutsala timizere topyapyala, ndipo timeneti ndi njira yeniyeni imene mpeni kapena leza, kuwala kodulira, idzadutse. Kulitsani kwambiri pa ngodya imene mukuikayikira. Mpata umene unabisika pansi pa mzere wonenepa umaonekera poyera.

Kenako dinani N kuti mutenge chida cha ma node, ndipo maso anu akhale pa kamzere ka mawu kali pansi penipeni pa windo. Kamzereka kamanena chimene mwasankha, kaya ndi path, gulu, bokosi kapena mawu, komanso kuchuluka kwa ma node amene mwagwira. Ine ndimakadalira kuposa chilichonse mu pulogalamuyi. Kokani kabokosi ndi mausi kuzungulira ngodyayo. Kakati mwasankha node imodzi, ngodyayo ndi yolumikizika kale. Kakati awiri, pali nsonga ziwiri zosanjikizana. Kakati atatu kapena anayi, pali mizere yobwereza kapena mizere yoposa iwiri yakumana pamenepo, ndipo tifikako.

Shift+J ikapanda kuchita kanthu

Choyamba, onani ngati chinthucho chilidi path. Bokosi lojambulidwa ndi chida cha mabokosi, bwalo, nyenyezi ndi mawu olembedwa si ma path ayi. Mukazidina ndi chida cha ma node mumaona timabatani tochepa tosinthira kukula kapena kuzungulitsa ngodya, ndipo timeneti sitimangika. Sankhani chinthucho n'kudina Shift+Ctrl+C, kapena Path, Object to Path. Ngati ndi clone, kope limene limatsatabe chinthu choyambirira, yambani mwaimasula ndi Shift+Alt+D. Dziwaninso kuti bokosi kapena bwalo likasanduka path limakhala lotsekeka. Kuti mulumikizeko mzere wina muyenera kulitsegula: sankhani node imodzi n'kudina Shift+B kuti igawike pawiri, kapena chotsani kachigawo kamodzi ka mzere ndi batani lake lili pamwamba.

Chachiwiri, ma path onse awiri akhale osankhidwa nthawi imodzi. Dinani yoyamba, gwirani Shift, dinani yachiwiri, kuti ma node a onse awiri azioneka. Kuyambira pa Inkscape 0.48, imene inatuluka mu 2010, chida cha ma node chimatha kugwira ma path angapo pakamodzi, choncho sipafunikanso kuyamba ndi Combine monga mmene malangizo akale amanenera. Mukachitabe Combine simunalakwe, koma si iyo imene ikumanga.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chofala kwambiri: nsonga ziwirizo zikasanjikizana ndendende, kudina pamwamba pake kumasankha imodzi yokha. Mukadinanso mutagwira Shift, mumangoisiya imene munagwira ija. Njira yake ndi kukoka kabokosi kuzungulira malowo, n'kuona pansi kuti kamzere kaja kakuti ma node awiri.

Chachinayi, mwina imodzi mwa ma node awiriwo si nsonga. Node ya pakati pa path ina ndi node ya pakati pa path inzake sizingamangike, ndipo pulogalamu siikuuzani chifukwa chake, imangokhala chete. Samalani pano: mukasankha ma node oyandikana a pakati pa path imodzimodzi n'kudina Shift+J, Inkscape imawaphatikiza kukhala node imodzi, ndipo kachigawo kanali pakati pawo kamasowa. Mukaona ngodya yaphwanyika mwadzidzidzi, bwererani ndi Ctrl+Z.

Zalumikizana, koma maonekedwe asintha

Pali mabatani awiri omangira ndipo amagwira ntchito mosiyana. Shift+J imakoka nsonga ziwiri kuti zikumane pakatikati n'kusanduka node imodzi. Ngati zinali zosanjikizana kale, palibe chimasuntha. Ngati panali mpata, mizere yonse iwiri imapindika pang'ono kuti ikafike pakatipo, ndipo mzere umene unali wowongoka umapendekeka. Kuti nsonga imodzi isasunthe, ikani mausi pamwamba pake osadina, ndiye mudine Shift+J. Inayo ndiyo idzabwere kudzaipeza. Alt+J sisuntha chilichonse, imangojambula kamzere katsopano kowongoka pakati pa nsonga ziwirizo. Pamene mpata uli waukulu ndipo miyeso siyenera kusintha, mwachitsanzo pa chinthu chokadulidwa pa thabwa kuti chikalowe mu chinzake, Alt+J ndiyo yoyenera. Pamene mpata uli wochepa zedi, musaigwiritse ntchito, chifukwa imasiya kachidutswa kakang'ono kosaoneka ndi maso kamene kamachititsa mpeni kugwedezeka pamalopo.

Nthawi zambiri mukamanga mizere iwiri yokhota, pamfundopo pamatuluka kangodya kakuthwa pomwe mumafuna kuti pakhote mosalala. Chifukwa chake chili pa ma handle, timizere totuluka pa node timene mumakoka kuti mzere ukhote. Kachigawo kalikonse kokhota kamalamulidwa ndi ma node awiri a kunsonga kwake ndi ma handle awiri amene amaloza kumene mzere ukulowera. Masamu ake ndi aja anatchuka ndi Pierre Bézier pojambula matupi a magalimoto ku Renault m'zaka za m'ma 1960. Mzere umadutsa pa node mosalala pokhapokha ma handle ake awiri akhale pa mzere umodzi wowongoka, wina kuloza uku wina uko. Nsonga ziwiri zimene mwangomanga zinabwera ndi ma handle awoawo, aliyense kuloza kwake. Sankhani node yatsopanoyo n'kudina Shift+S. Chizindikiro chake chisintha kuchoka pa kadayamondi kukhala kabokosi, ndipo ma handle afola pamodzi. Shift+Y imawapanga kukhalanso ofanana kutalika, Shift+C imabwezeretsa ngodya yakuthwa.

Ndikupempheni kuti musathamangire Simplify, ya Ctrl+L, pofuna kusalaza mfundo imodzi. Imajambulanso path yonse, n'kuzungulitsa ngodya zimene munazifuna zakuthwa, ndipo pa zilembo kuwonongekako kumaoneka msanga.

Pamene mizere itatu yakumana

Apa ndi pamene anthu amataya nthawi yochuluka, chifukwa akulimbana ndi chinthu chosatheka. Mukujambula tsamba lokhala ndi mitsempha, mapu a misewu, kapena windo la magalasi anayi. Mzere wina ukukathera pakati pa unzake ngati chilembo T, ndipo mukufuna onse akhale path imodzi yopitirira. SVG ilibe malangizo a nthambi. Cholembera chikafika pa node chimapita njira imodzi basi. Si kulephera kwa Inkscape yokha, CorelDRAW ndi Illustrator nazonso zili chimodzimodzi.

Chofunika n'kudzifunsa kuti mukufuniranji kuti ilumikizane, chifukwa yankho lake limatengera pamenepo.

Ngati mukungofuna kuti zioneke zogundana ndi kuyendera limodzi, sankhani mizere iwiri imene ikuyenera kupitirira, muimange ndi Shift+J. Wachitatuwo muufikitse pamalo ake mothandizidwa ndi snapping, imene imakokera nsonga ndendende pa node kapena mzere wapafupi ndipo imayatsidwa ndi kuzimitsidwa ndi chizindikiro cha %, kenako muchite Combine. Chinthucho chidzakhala chimodzi chokhala ndi zidutswa ziwiri, ndipo kwa leza yolemba mizere kapena makina a cholembera zimenezi n'zokwanira.

Ngati mukufuna kuti mizereyo idulidwe pa vinyl monga mizere yonenepa, ndiye kuti simukufuna mizere ayi, mukufuna malire ake. Ikani kunenepa kumene mukufuna, dinani Ctrl+Alt+C, kapena Path, Stroke to Path, kuti mzere uliwonse usanduke chinthu chotsekeka chokhala ndi mbali ziwiri, kenako muchite Union. Tsopano T yonse ili ndi malire amodzi ozungulira, ndipo mpeni udzayenda m'mphepete osadula pakati. Sungani kope la mizere yoyambirira pambali, chifukwa mukatero simungathenso kusintha kunenepa mosavuta.

Ngati cholinga ndi kuthira mitundu yosiyana m'zigawo, monga mbali ziwiri za tsamba, gawani chinthu chotsekekacho. Ikani mzere wodulira pamwamba, nsonga zake zitulukire kunja pang'ono mbali zonse, sankhani zonse ziwiri, ndiye Path, Division. Mumapeza zidutswa zotsekeka, chilichonse ndi malire ake. Kuyambira pa Inkscape 1.3 ya 2023 palinso chida cha Shape Builder chimene chimakulolani kudina zigawo zimene mukufuna kusunga. Chida cha ndowa ya penti chiliponso, koma chimatsata zimene zikuoneka pa sikirini, motero malire ake safika ndendende pa mzere. Pa ntchito yodula sindichikhulupirira.

Mtundu umanamiza

Path yotseguka imalandira mtundu mkati. Pulogalamu imangoyerekeza mzere wowongoka kuchoka pa nsonga yomaliza kufika pa yoyamba n'kudzaza mpaka pamenepo. Mpata ukakhala waung'ono, chojambulacho chimaoneka chotsekeka kotheratu, pomwe mpeni udzaima usanamalize. Ichi ndi chifukwa chake ngodya ya sitika imakanirira. Zikakhala zidutswa zingapo zimene munachita Combine, chidutswa chilichonse chimadzitsekera pachokha, ndipo mumaona timagawo ta mtundu topingasana mkati mwa chojambula. Mankhwala ake si kusintha mtundu, koma kumanga ngodya iliyonse mpaka patsale M mmodzi ndi Z mmodzi.

Njira yachangu yopezera ngodya zosamangika ndi iyi: chotsani mtundu wa mkati, nenepetsani mzere kwambiri, ndipo mu Fill and Stroke musankhe ngodya zakuthwa ndi nsonga zodula mowongoka. Ngodya yomangika imatuluka yosongoka bwino. Yosamangika imaoneka yobenthuka kunja kwake.

Zilembo zolumikizana ndi mabowo

Mawu olembedwa ndi font yonga ya pamanja amaoneka ngati mzere umodzi, koma chilembo chilichonse ndi chinthu pachokha chimene mchira wake walowa mu chinzake. Mu Outline mumaona malire akupingasana pamalo onse olumikizira, ndipo mpeni udzadula ponsepo, dzinalo n'kuduka zidutswazidutswa. Apa Join sigwira ntchito poti zilembo ndi zotsekeka. Chitani Object to Path, masulani gulu ndi Shift+Ctrl+G ngati latuluka gulu, kenako Union. Onaninso kalembedwe ka mawuwo musanatero, pakuti akasanduka path sangakonzekenso ndi kiyibodi.

Union ndi ya malo odzaza, osati ya mizere. Mukaichita pa mizere iwiri yotseguka, imaitseka yokha n'kukupatsani chinthu chimene simunajambule. Dziwaninso kuti ikatha, chinthu chatsopanocho chimatenga mtundu wa chimene chinali pansi, pomwe Combine imatenga wa chimene chinali pamwamba. Mtundu ukasintha mosayembekezera, n'chifukwa chake chimenecho.

Bowo la mu O, A kapena B ndi chidutswa chachiwiri mkati mwa path yomweyo. Break Apart, ya Shift+Ctrl+K, imalekanitsa zidutswa zonse, ndipo mabowowo amasanduka zinthu zodzaza mtundu. Ngati mumangofuna kulekanitsa zilembo, gwiritsani ntchito Split Path, imene inabwera ndi Inkscape 1.2 mu 2022, chifukwa imasiya bowo lililonse ndi chilembo chake. Mukachita Combine koma bowo osaoneka, ndiye kuti chidutswa cha mkati ndi cha kunja zikuzungulira mbali imodzi. Sankhani node imodzi ya cha mkati n'kudina Shift+R kuti chitembenuke, kapena sinthani lamulo la kadzazidwe kukhala even-odd pa timabatani tiwiri tili pakona ya Fill and Stroke.

Fayilo yobwera zidutswa zokhazokha

Mafayilo a DXF ochokera ku mapulogalamu a mapulani, ndi ma PDF ena, amafika mzere uliwonse uli paokha. Bokosi limodzi limakhala mizere inayi, ndipo chojambula chachikulu chimakhala tizidutswa tosawerengeka. Kumanga ngodya imodziimodzi kungakutengereni tsiku.

Inkscape imatha kumanga nsonga zambiri pakamodzi. Sankhani zidutswa zonse za chinthu chimodzi, tengani chida cha ma node, kokani bokosi kuzungulira ma node onse, dinani Shift+J. Imafufuza nsonga ziwiri zoyandikana kwambiri n'kuzimanga, kenako ziwiri zotsatira, mpaka nsonga zitatha. Pa chinthu chimene chiyenera kukhala chotsekeka, ndipo ngodya iliyonse ili ndi nsonga ziwiri zokha, zimayenda bwino zedi. Ngozi yake ili pa mawu akuti mpaka zitatha. Ilibe malire a mtunda. Pakatsala nsonga ziwiri zotalikirana, monga mathero a mzere umene umayenera kukhala wotseguka, nazonso imazikokera pamodzi. Pakakhala T, nsonga yachitatu ija imakamangidwa ndi ina ya kutali. Choncho gwirani chinthu chimodzi panthawi, siyani kunja nsonga zimene siziyenera kumangika, ndipo yang'anani zotsatira musanapite pa china.

Musanayambe, chotsani mizere yobwereza. Mabokosi awiri ogundana amakhala ndi mizere iwiri pamalire awo, ndipo Ctrl+D yodinidwa mwangozi imasiya kope pamwamba penipeni pa chinthu. Outline siionetsa zimenezi poti mizereyo yasanjikizana ndendende. Mumaidziwa ndi chiwerengero cha ma node pa ngodya, kapena pokoka mzere umodzi n'kupeza wina pansi pake. Leza ikadutsa kawiri pamalo amodzi imapsereza m'mphepete, ndipo mpeni ukadutsa kawiri ukhoza kuboola pepala la pansi pa vinyl.

Ngati mungathe kulankhula ndi amene anajambula fayiloyo, njira yabwino koposa ili kwa iye. Mu AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani, OVERKILL imachotsa mizere yobwereza, ndipo JOIN kapena PEDIT imasandutsa mizere yogundana kukhala polyline imodzi, ndiko kuti mzere umodzi wopitirira, asanatumize. Amene mumayendetsa leza ndi LightBurn muli ndi Delete Duplicates ndi Auto-Join mu menyu ya Edit.

Chithunzi chimene mwachisandutsa ma path ndi Trace Bitmap chili ndi vuto lina losiyana. Mzere uliwonse wa pensulo umatuluka ngati chinthu chotsekeka cha mbali ziwiri, choncho mulibe nsonga zoti mumange. Ngati mukufuna mzere umodzi wa pakati, sankhani Centerline tracing, kapena jambulani pamwamba pake ndi chida cha Pen. Pojambulapo mungapewe vuto lonseli kuyambira pachiyambi: path ikakhala yosankhidwa, chida cha Pen chimaonetsa timabokosi pa nsonga zake, ndipo mukayambira pa kabokosiko mzere watsopano umakhala wopitiriza wakale uja.

Kwa osamuka pulogalamu

Mu Illustrator, sankhani nsonga ziwiri ndi Direct Selection n'kudina Ctrl+J. Zikakhala zotalikirana imajambula mzere pakati pake, ndipo mukafuna kuti zikumane kaye, Alt+Ctrl+J imazibweretsa pamalo amodzi. Union kumeneko ndi Unite ya mu Pathfinder.

Mu CorelDRAW, chida cha ma node ndi Shape tool ya F10, kusandutsa chinthu kukhala mizere ndi Ctrl+Q, ndipo Union imatchedwa Weld. Njira yodalirika yomangira mizere iwiri yosiyana ndi kuyamba ndi Combine, kenako kusankha nsonga ziwiri n'kudina Join two nodes. Ilinso ndi Join Curves, imene imakulolani kuika malire a mpata, motero pa fayilo ya tizidutswa tambirimbiri siimanga nsonga zotalikirana.

Msampha uja uli pa kiyibodi. Ctrl+K mu Inkscape ndi Combine, koma mu CorelDRAW ndi Break Apart, zosemphana kotheratu. Ctrl+L mu CorelDRAW ndi Combine, koma mu Inkscape ndi Simplify. Munthu wozolowera CorelDRAW akadina Ctrl+L mu Inkscape pofuna kuphatikiza, ma path ake amakhalabe osiyana koma ngodya zake zasalazidwa, ndipo akadinanso mwachangu kusalazako kumawonjezeka. Kusinthako kumayamba pang'ono moti pa sikirini sikuoneka msanga. Ngati mumagwira ntchito m'mapulogalamu onse awiri, tengani malamulo awiriwa mu menyu m'malo mwa kiyibodi, ndipo muziyang'ana chiwerengero cha ma node pansi pa windo: Combine sichisintha, Simplify imachisintha.